Makalata a ana kwa ovulala ubongo

Munthu akavulala ubongo, kaya pa ngozi ya njinga yamoto ya kabaza kaya chifukwa cha sitiroko, bala lalikulu nthawi zambiri silioneka. Angathe kumayenda bwinobwino, koma mawu amamuthawa pakamwa, vuto lomwe madokotala amati aphasia. Amaiwala zimene mwangomuuza kumene, ndipo amatopa msanga pagulu. Anzake amayamba kuchepa, ena n'kumanong'ona kuti wapenga kapena walodzedwa. N'chifukwa chake ndikuona kuti kulemberana makalata pakati pa anthu otere ndi ana a sukulu n'kwanzeru. Macheza apakamwa amafuna yankho pompopompo, pomwe kalata imadikira. Munthu angathe kuiwerenga kangapo, kupuma, n'kudzayankha mawa, ndipo pepalalo limamusungira zimene mutu wataya. Mwana naye amazindikira kuti wolankhula movutikira nzeru zake zimakhala zilipo.

Ena anena kuti n'kuika ana pachiswe, popeza kuvulala kwa mbali yakutsogolo ya ubongo kumatha kuchititsa munthu kulankhula mosadziletsa. Nkhawayi ndi yomveka, koma njira ilipo: kalata iliyonse idzere kwa mphunzitsi ndi kwa wosamalira wodwalayo, ndipo pasalembedwe keyala ya kunyumba kapena nambala ya foni. Ena ati bwanji osangotumizirana uthenga pa WhatsApp? Liwiro lakelo ndi lomwe limamulemetsa munthu wotereyu. Amene dzanja lake linafooka anene mawu, wina amulembere. Aphunzitsi, kalembedwe ka kalata mumaphunzitsa kale m'kalasi. Apatseni anawo munthu weniweni womulembera.