Lipoti la Mwana Lisadikire Tsiku Lotsekera Sukulu

Makolo anzanga ndi inu achinyamata, ndagwira choko kwa zaka zoposa 30 m'boma lino la Mwanza. Ntchito ya uphunzitsi ndidailoŵa m'chaka cha 1994, pamene boma lidachotsa fizi m'sukulu za pulaimale ndipo ana adakhamukira m'makalasi, chiŵerengero chawo n'kukwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Ndidali mmodzi mwa iwo amene adalembedwa mofulumira nthaŵi imeneyo, ndipo maphunziro a uphunzitsi ndidachita pambuyo pake, ndili kale pantchito. Pa zaka zonsezi ndalakwitsa zambiri, koma pali cholakwa chimodzi chimene sichichoka mumtima mwanga. Ndaona kuti ndi bwino ndichiulule pano, kuti mwina ana a anthu ena apulumukirepo.

Nonse mukulidziŵa tsiku lotsekera sukulu pakutha pa chaka. Kaŵirikaŵiri limakhala Lachisanu, m'mwezi wa Julayi. Ana amasonkhana pabwalo, aphunzitsi n'kumaitana maina kalasi ndi kalasi kuyambira pa nambala wani, m'manja muli wawawa. Dzuŵa lisanafike pamutu mphunzitsi wamkulu walankhula mawu otsiriza, ana abalalika, maloko ali pazitseko, ndipo aphunzitsi amene kwawo ndi kutali ali kale pamsewu kudikira minibasi ya ku Blantyre. Kapepala kamene mwana wanyamula kali ndi chigamulo cha chaka chonse: wakhoza apite m'kalasi lina, kapena walephera abwereze. Kholo limakaona madzulo, amene adakalemba atachoka kale, ndipo sukulu siitsegulanso mpaka Seputembala.

Makolo ambiri sadziŵa m'mene kapepalako kamapangidwira, choncho ndiloleni ndikuloŵetseni m'nyumba ya mphunzitsi m'masiku otsirizawo. Mayeso amatha kutatsala masabata aŵiri kapena imodzi. Ngati m'kalasi muli ana 100 ndipo maphunziro alipo 8, mapepala ochonga ndi 800. Tikatha kuchonga timalemba malikisi pa pepala lalikulu, timaphatikiza a mwana aliyense, timasanja manambala kuyambira woyamba kufikira wotsiriza, kenaka timakopera zonsezi m'malipoti, limodzi ndi limodzi, pamanja. Ntchito yokoperayi nthaŵi zambiri imagwa usiku wa Lachitatu ndi Lachinayi, maso atalema, pa kuwala kwa tochi. Palibe munthu wachiŵiri woona ngati zakopedwa bwino. Mphunzitsi wamkulu amasayina mulu wonse m'maŵa wa Lachisanu, ana ali kale pamzere.

Chaka chimene ndikunenachi ndinkaphunzitsa Sitandade 6. M'kalasi langa mudali mtsikana wa zaka 14, amene sinditchula dzina lake, mwana wamasiye woleredwa ndi agogo ake. Adali wofatsa, wokhala kumbuyo chifukwa cha msinkhu, pakuti adayamba sukulu mochedwa ndipo adabwerezapo kale Sitandade 3. Chingerezi chinkamuvuta, koma masamu ankawatha. Tsiku lotsekera ndidampatsa lipoti lake pamodzi ndi mapepala a mayeso amene ndidachonga, monga ndidachitira ndi ana onse. Pansi pa lipotilo ndidalemba ndi dzanja langa kuti walephera, abwereze. Masana a tsiku lomwelo ndidanyamuka ulendo wokaona mbale wanga amene ankadwala, ndipo ndidakhalako masabata atatu.

Sukulu itatsegula m'Seputembala mtsikanayo sadaoneke. Ndidafunsa anzake, iwo n'kundiuza kuti adapita kwa azakhali ake kutsidya kwa malire, kupitirira Zobue. Sindidadabwe kwambiri, pakuti kuno kwathu mabanja ambiri ali ndi abale mbali zonse ziŵiri, ndipo ana amapita kutchuthi ku Mozambique n'kuchedwa kubwera. Ndidalemba mzere pa dzina lake m'kaundula, ntchito n'kumapitirira.

M'mwezi wa Okutobala kudagwa maliro m'mudzi wina wa m'dera lathu, ndipo ine ndidapita monga mkulu wa mpingo. Titachoka kumanda ndidaona mayi wachikulire akundidikira patsinde pa mtengo wa mango. Adagwada, namasula mfundo ya pansonga ya chitenje chawo, n'kutulutsa mapepala aŵiri opindapinda.

"Aphunzitsi," adatero, "ine sukulu sindidapiteko. Koma mnyamata amene adandiŵerengera akuti mapepala aŵiriŵa sakugwirizana, chonsecho onse mudalemba ndinu. Ndiuzeni, loona ndi liti?"

Loyamba lidali pepala la mayeso a masamu, ndipo pamwamba pake padali 71, wolembedwa ndi bolopeni yanga yofiira. Lachiŵiri lidali lipoti, ndipo pa mzere wa masamu padali 17. Ndidatembenuza manambala pokopera. Malikisi 54 adasoŵa pa chiphatikizo chake, ndipo ameneŵa ndiwo adamgwetsa. Akadakhalapo, mwanayo akadapita m'Sitandade 7 popanda vuto.

Ndidati, "Amayi, bwanji simudabwere msanga?"

Yankho lawo ndimalikumbukira mpaka lero. Lipoti lidafika Lachisanu madzulo, pakhomo palibe wodziŵa kuŵerenga bwino kupatula mwini wakeyo, amene adangoloŵa m'nyumba n'kumalira. Lamulungu, atatuluka m'tchalitchi, adapempha mnyamata wina kuti awaŵerengere, ndipo ndiye adaona kusiyanako. Lolemba m'mamaŵa adayenda mtunda wa maola aŵiri kufika pasukulu, n'kupeza maloko. Mlonda adawauza kuti aphunzitsi adapita kutchuthi. Lachinayi adabweranso, n'kupeza chimodzimodzi. Ulendo wachitatu sadauyende, pakuti nandolo zidali zitayamba kuuma m'munda ndipo panalibe wina wothyola. Mdzukulu wawo adanenetsa kuti sangakakhalenso pansi ndi tiana tating'ono kachiŵiri. Azakhali ake atabwera kudzagula manachesi okagulitsa kwawo, adapita nawo. Pamene sukulu inkatsegula, agogowo adaona kuti palibenso chifukwa chokavutitsira aphunzitsi, mwini nkhani kulibe.

M'maŵa mwake ndidakaulula zonse kwa mphunzitsi wamkulu. Tidalemba lipoti latsopano, tidatumiza uthenga kaŵiri, ndipo amayi a gulu loona za atsikana pasukulu pathu adayesetsa mbali yawo. Mtsikanayo sadabwerere. Madzi akatayika saoleka.

Kulakwitsa pokopera kudali kwanga, ndipo sindikufuna kukankhira wina. Koma ndalingalira nthaŵi yaitali, ndipo ndaona kuti cholakwa changa chidali chaching'ono, chotheka kukonzedwa m'mphindi zisanu. Chidachikulitsa ndi tsiku limene lipotilo lidaperekedwa. Likadatuluka Lachisanu la sabata yam'mbuyo, agogo aja akadabwera Lolemba lomwe lija n'kundipeza m'kalasi. Iwo adachita zonse zimene timapempha kholo kuchita: adafuna woŵerenga, adayerekeza mapepala, adayenda kaŵiri. Ife ndife tidatseka chitseko.

Kalendala ya sukulu m'Malaŵi muno yasinthapo kangapo ine ndikuona. Ndili mwana, chaka chinkayamba m'Okutobala n'kutha m'Julayi. M'zaka za m'ma 1990 chidasinthidwa kuti chiziyamba m'Januwale, ndipo tinkatsekera mvula yoyamba ili pafupi, makolo ali kalikiriki m'minda. M'chaka cha 2010 tidabwerera ku chaka choyamba m'Seputembala. M'Malichi 2020 sukulu zidatsekedwa chifukwa cha mliri wa korona, kalendala n'kusokonekeranso kwa zaka zingapo. Pa kusintha konseku chinthu chimodzi chidakhala chosagwedezeka: lipoti limaperekedwa tsiku lotsiriza. Ndi chizoloŵezi chimene tidachipeza, ndipo sitidayambe tadzifunsa kuti chimathandiza yani.

Musayese kuti ndikunena za zolakwika za manambala zokha. Malipoti a Unduna wa Maphunziro a zaka zaposachedwapa akhala akusonyeza kuti pa ana anayi alionse a ku pulaimale, pafupifupi mmodzi amabwereza kalasi. Ambiri mwa iwo malikisi awo adakopedwa molondola, adalepheradi. Koma kumbuyo kwa kulephera kulikonse kuli chifukwa chimene mwina kholo likuchidziŵa, mphunzitsi osachidziŵa. Mwana uyu adadwala malungo sabata ya mayeso. Uyu saona bwino pabolodi ndipo amachita manyazi kunena. Uyo amagona kumsika wa pamalire kuthandiza mayi ake malonda. Nayenso mphunzitsi ali ndi zimene akudziŵa, kholo osazidziŵa: mwana amene amachoka pakhomo m'maŵa ndi makope koma kusukulu safika. Anthu aŵiriŵa akapanda kukumana chigamulo chisanasindikizidwe, aliyense amatsala ndi theka la nkhani, ndipo wovutika ndi mwana.

Ndikudziŵa zimene aphunzitsi anzanga amanena, pakuti inenso ndinkanena zomwezo. Amati tikapereka malipoti msanga, ana sabweranso sabata yotsirizayo. Izi zili ndi choonadi chake. Koma tinene moona, kodi m'sabata imeneyo timaphunzitsa chiyani? Ana amasesa, amaseŵera mpira, ife tili mu ofesi kuphatikiza malikisi. Amatinso makolo adzabwera kudzakangana, aliyense kufuna kuti mwana wake akwezedwe. Alipodi otere, ndakumana nawo. Koma kholo limene waliyalira mapepala a mwana wake patebulo, n'kulisonyeza pamene akulephera, nthaŵi zambiri limachoka litamvetsa. Limene limasunga mkwiyo ndi lija lopeza loko pachitseko. Chodandaula chachitatu ndicho chachikulu: nthaŵi yochonga ndi yochepa, makalasi ndi aakulu. Ichi sindingachikane. Yankho lake ndi lakuti mayeso a sukulu ayambe masiku angapo msanga, ndipo zimenezi mphunzitsi wamkulu ndi komiti ya sukulu angathe kuzikambirana ndi mlangizi wa maphunziro wa m'dera lawo.

Kuyambira chaka cha mtsikana uja ndimachita zinthu zitatu, ndipo anzanga ena pasukulu pathu adatengera. Choyamba, pakutha pa teremu yachiŵiri, cha m'nyengo ya Pasaka, ndimaitana kholo la mwana aliyense amene ndikuona kuti ali pangozi yobwereza. Pamenepo patsala teremu yathunthu, ndipo kholo lingathe kuchepetsa ntchito zapakhomo, kumpezera nyali, kapena kupempha wachibale wa ku sekondale kuti azimthandiza madzulo. Kuongola mtengo n'kukadali kaŵisi. Chachiŵiri, mapepala ochongedwa ndimawabweza kwa ana kutatsala sabata yathunthu, ndipo mwana aliyense amalemba malikisi ake kumbuyo kwa kope, amaphatikiza yekha, n'kupita nawo kunyumba. Chachitatu, Lachitatu la sabata yotsiriza ndimakhala m'kalasi kufikira madzulo, malipoti ali patebulo asanasayinidwe, kudikira kholo lililonse lofuna kuona kapena kufunsa. Sabwera onse, chaka china amabwera 20, chaka china 30. Koma pafupifupi chaka chilichonse pamapezeka cholakwika chimodzi kapena ziŵiri, ndipo ana eni ake ndiwo amayamba kuziona.

Tsono makolo anzanga, musadikire Julayi. Pitani kusukulu m'teremu yachiŵiri, mukafunse kuti mwana wanu akuyenda bwanji. Kusadziŵa kuŵerenga kusakuchititseni manyazi. Agogo aja sadaloŵepo m'kalasi, koma ndiwo adagwira cholakwa cha mphunzitsi wa zaka zambiri. Pamsonkhano wa makolo ndi aphunzitsi, imirirani mupemphe kuti malipoti a kutha kwa chaka azituluka sukulu isanatseke, ndi kuti pakhale tsiku loti kholo lidzamveke. Inu amene muli m'makomiti a sukulu, makamaka sukulu za mpingo wathu, nkhaniyi ili m'manja mwanu ndipo siifuna ndalama. Akulu a mpingo anzanga, tsiku limenelo likakhazikitsidwa, tililengeze Lamulungu pamodzi ndi zolengeza zina, pakuti uthenga wopatsira mwana wamantha suufika kunyumba.

Inu achinyamata, sungani mapepala anu a mayeso, ndipo phatikizani malikisi anu nokha. Mukaona chosagwirizana, funsani mwaulemu tsiku lomwelo. Mphunzitsi ndi munthu, amatopa. Lipoti likakhala loipa musalibise, musafufute nambala, ndipo musathaŵe sukulu musanalankhule ndi munthu wamkulu. Ndipo gogo wina akakupemphani kuti mumuŵerengere lipoti la mdzukulu wake, ŵerengani mosamala monga adachitira mnyamata uja, kenaka mumperekeze kusukulu.

Agogo aja adamwalira zaka zingapo zapitazo. Lipoti lokonzedwa lija, la 71 pa masamu, likadali m'kabati yanga, pakuti mwini wake sadabwere kudzalitenga. Chaka chilichonse, ndisanayambe kukopera malikisi a kutha kwa chaka, ndimalitulutsa n'kuliika patebulo.