Kujambula nkhwazi

Ife a m'mbali mwa nyanja ya Niassa timadziwa mbalame kuyambira ubwana. Timadziwa kulira kwa nkhwazi. Timadziwa pamene kakowa amaima podikira nsomba. Ambiri a ife tinaphunzira zimenezi tili ndi legeni m'manja, kapena pochera ulimbo.

Masiku ano m'midzi yambiri muli telefoni zojambula zithunzi. Tsopano tingathe kugwira mbalame osaipha. Koma telefoni ilibe nzeru. Imangolandira kuwala kumene taipatsa. Conco nchito yoyamba ndi kudziwa kumene dzuwa lili.

Ife tili kum'mawa kwa nyanja. Ku Metangula ndi ku Cobué dzuwa limatulukira kumapiri, kumbuyo kwa midzi, ndipo limakalowa pamadzi, ca ku Malawi. Umenewu ndi mwai wathu. M'mamawa tikaima pamcenga ndi kupenya kunyanja, dzuwa limakhala kumsana kwathu. Kuwala kwake konse kumagwera pa mbalame. Nthenga zimaoneka imodzi-imodzi, ndipo diso limanyezimira.

Pali njira yapafupi yodziwira. Tiyang'ane cithunzithunzi cathu pansi. Cikaloza kumene kuli mbalame, taima pabwino. Cikakhala cacitali kuposa ife eni, nthawi ndi yabwino. Cikafupika ndi kulowa kumapazi, tibweze telefoni m'thumba, tipite ku nchito zina.

Cifukwa cake ndi ici. Masana dzuwa lili paliwombo. Limamenya mbalame pamutu, diso ndi kutsala mumdima. Madzi nawonso amathobwa m'maso.

Nkhwazi ndiyo imavuta kwambiri. Mutu ndi cifuwa ndi zoyera mbee, mapiko ndi akuda, mimba ndi yofiirira. Telefoni ikafuna kuonetsa mapiko, mutu umayera mopitirira, nthenga osaonekanso. Pamenepo tikhudze ndi cala pa galasi, pamene pali mutu wa nkhwazi. Pa telefoni zambiri pamatuluka kacizindikiro ka dzuwa. Tikatsitse pang'ono. Cithunzi cakuda pang'ono cimakonzeka pambuyo pake, koma coyera mopitirira sicikonzeka.

Madzulo zinthu zimatembenuka. Dzuwa lili patsogolo pathu, ndipo mbalame ya pamadzi imatuluka yakuda bii. Ena amakonda zithunzi zotere, makamaka pakakhala bwato ndi mitambo yofiira. Sitikana, n'zokongola. Koma munthu sangadziwe bwino kuti ndi mbalame yanji. Ife madzulo timafulatira nyanja ndi kupenya kumtunda. Ndiyo nthawi ya njiwa ndi nkhanga.

Mitambo yopyapyala ya m'dzinja si mdani. Imafewetsa dzuwa, ndipo kakowa amaoneka bwino ngakhale masana.

Nanga mbalame ikakhala kutali? Tisakoke cithunzi kwambiri ndi zala, cifukwa cimatuluka ca mbuu. Tisendere pafupi, koma osalunjika kumene ili. Tiyende ca m'mbali, monga munthu amene ali ndi zake. Kenaka tikhale pansi, zigongono pa maondo, kuti manja asanjenjemere. Nkhwazi ili ndi mtengo wake umene imabwererako tsiku ndi tsiku. Asodzi amaudziwa, tiwafunse. Ikafuna kulira imaponya mutu kumbuyo, kukamwa kuli yasa. Amene wadikira ndiye amajambula zimenezo.

Cisa cokha tisaciyandikire. Nkhwazi zimaswa m'nyengo yopanda mvula, pa cisa cacikulu ca timitengo, pamwamba pa mtengo wautali. Make akathawa cifukwa ca ife, mazira amatsala poyera, ndipo akhwangwala sacedwa.

M'caka ca 2011 boma la Moçambique linalengeza kuti mbali yathu ya nyanja ndi malo otetezedwa. Komabe mitengo yaitali ya m'mphepete timaifunanso ife: wina afuna bwato, wina nkhuni zowambira nsomba. Mtengo wa cisa ukagwa, nkhwazi zimasamuka. Zikasamuka timatsutsana. Wina akuti zinalipo zambiri kale, wina akuti ai, ndi comweco.

N'cifukwa cake sitijambula mbalame yokha. Timajambulanso mtengo wonse, pamodzi ndi mwala kapena phiri limene aliyense angalizindikire. Tikafika kunyumba timatenga kope ndi kulemba zinthu zinai: dzina la mbalame, malo, tsiku, ndiponso ngati zinali ziwiri kapena imodzi. Caka camawa, mwezi womwewo, tidzapitanso m'mamawa pa malo omwewo kukaona.