Kogona Mlendo ku Malowera

Amene akuchokera mumzinda wa Tete kupita ku Malowera, m'boma la Maravia, amayamba kuganizira za kogona dzuwa lisanapendeke, pakuti ulendowu ndi wautali ndipo m'dzinja galimoto imatitimira m'matope.

Ku Tete tinaona mahotela amene anamangidwa chifukwa cha malasha a ku Moatize, omwe kampani ya Vale inayamba kukumba mu 2011. Nthawi imeneyo zipinda zinakwera mtengo, ndipo munthu wamba anasowa pogona.

Ku Malowera, kufupi ndi malire a Zambia, tinafika kutada. Banja lina la mumpingo linatiyalira mphasa, amayi a pakhomopo natiphikira nsima ya nkhwani. M'mawa titatulutsa mametikali, abambo anawakana natikumbutsa kuti mlendo ndi mame.

Abale, nyumba zogona alendo ndi zabwino: zimapatsa ana athu ntchito. Koma mayi wopita ndi mwana wodwala ku Fingoe, kulikulu la boma, kawirikawiri alibe ndalama ya chipinda. Mdima ukamupeza pamudzi pathu, tisamufunse za thumba lake, timuyalire mphasa.