Nyumba yozizira imuganizirenso wa dengu limodzi

Abale anga a m'malire muno, ntchito yanga ndi ya pa wailesi, ndipo dandaulo limene ndimalimva kawirikawiri nyengo yokolola ndi la matimati. Ku Angónia ndi ku Tsangano matimati amapsa nthawi imodzi. Wogula wa galimoto amadziwa kuti pofika mkuja adzakhala atafewa, choncho amangokhala pamthunzi kudikira kuti dzuwa lipendeke, mlimi atsitse yekha mtengo. Mayi anga aang'ono anagulitsapo madengu atatu pa mtengo wa limodzi, kuopa kubwerera nawo kumudzi.

Chosowa ndi nyumba yozizira pamsika. Kuimanga, kulipira magetsi ndi kukonza makina akafa ndi ndalama zambiri, n'chifukwa chake boma limafuna kugwirizana ndi makampani. Lamulo lake lilipo, nambala 15 la chaka cha 2011. Boma likhoza kupereka malo, msewu ndi magetsi, kampani n'kubweretsa makina ndi amisiri, iyo n'kumalipiritsa osunga katundu.

Ine mantha anga ali pa kalipiritsidweko. Kampani imakonda munthu wa lole yodzaza. Nyumbayo ikamalandira katundu wa matani okhaokha, ndiye kuti tampatsa wogula uja nkhokwe yosungiramo zimene watilanda motchipa.

Ku Nigeria, mnzanga wa ntchito ya wailesi, Nnaemeka Ikegwuonu (sitidziwana, ndangomuyesa mnzanga chifukwa cha ntchito), anayambitsa ColdHubs mu 2015. Ndi tinyumba tozizira toyendera mphamvu ya dzuwa, toikidwa m'misika momwemo. Poyamba ankalipiritsa manaira 100 pa kireti imodzi tsiku limodzi. Mayi wa kireti imodzi amalowa ngati wina aliyense, osafunsidwa za banki.

Za dzuwazo nafenso zikutikhudza. Damu la Cahora Bassa lili m'chigawo chathu chomwe chino cha Tete, koma midzi yambiri waya sunafike.

Chinanso, kuzizira n'kosiyanasiyana. Nsomba imafuna madzi oundana, pamene matimati akazizira kwambiri amawonongeka, amafuna madigiri ngati 12. Chipinda chimodzi cha zonse sichingathandize.

Choncho akadzabwera akuluakulu kudzakamba za mgwirizano wotere, musangowomba m'manja. Funsani kuti dengu limodzi usiku umodzi ndi mametikali angati, ndipo ndani angakweze mtengowo. Funsaninso kuti makina akafa usiku, katundu n'kuola, adzalipira ndani, boma kapena kampani. Mayankho alembedwe papepala, mfumu ndi bungwe la alimi akuona.