Tebulo lakale ndimayamba kuliona kunsi

Ndine kalipentala wa pa Njuli, m'mbali mwa msewu wochoka ku Blantyre kupita ku Zomba. Ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku ndi zitseko, mafelemu ndi mabedi a bulugamu. Koma nthawi zina munthu amatsitsa tebulo pa pikiapu, waligula pa okushoni ku Limbe, kumene makampani ndi azungu obwerera kwawo amagulitsa katundu wakale. Mawu ake amakhala omwewa: "Amisiri, ili ndi la ku England. Mulipale liwale."

Sindithamangira sandipepala. Ndimaligadamitsa kaye, miyendo m'mwamba, chifukwa kunsi n'kumene mmisiri sanabiseko dzanja lake. Ukasisita ndi chikhatho umamva timafunde tosiyidwa ndi pulena ya pamanja. Miyendo imakhala yolowetsedwa m'mabowo osemedwa ndi tchizulo, n'kukhomedwa ndi kamtengo m'malo mwa msomali. M'makona mumakhala timatabwa tomatidwa ndi guluu wa zikopa, amene amafewa ukamuthira madzi otentha, moti joini imamasuka popanda kuthyola kanthu. Likakhala tebulo lozungulira ndimaliyeza mbali ziwiri. Thabwa limafota m'lifupi, osati m'litali, choncho lakale lenileni silikhalanso lozungulira ndendende.

Ambiri mwa matebulo amenewa sanaolokeko nyanja. Ndi a mbawa kapena mlombwa, okhomedwa konkuno ndi amisiri ophunzira ku mamishoni, motsanzira maonekedwe a ku Ulaya. Blantyre Mission, yomwe inayamba mu 1876, inkaphunzitsa ukalipentala, ndipo nyumba za m'maesiteti ngati za ku Magomero zinkafuna mipando ndi matebulo. Ena ndi a mkungudza wa m'phiri la Mulanje, ndipo amenewo sasowa: ukangopala pang'ono fungo limadzaza shedi yonse, chiswe nachonso chimaulambalala. Ndikamuuza mwini wake kuti tebulo lake ndi la konkuno, nkhope imagwa. Ine zimandiwawa, chifukwa mbawa ndi mbale wake wa mahogany, mtengo umene Angerezi ankautenga ku Jamaica n'kumakhomera matebulo awo apamwamba m'masiku a Thomas Chippendale, mmisiri amene anatulutsa buku la mapulani a mipando mu 1754. Dzanja la agogo athu silinali lochepa.

A ku England enieni amapezeka apo ndi apo. A mtengo wa oak amalemera, ndipo thabwa lake limakhala ndi timizere tonyezimira topingasa. Ku London, m'nyumba za okushoni ngati Christie's, yomwe inayamba mu 1766, ogula amalipira ndalama zambiri chifukwa cha khungu lakale lomwelo limene kasitomala wanga akufuna ndichotse. Kudera kwa m'mphepete momwe manja akhala akugwira, kuzimirira kwa mbali imene inkayang'ana kuwindo, zonsezo zinabwera ndi zaka, ndipo ukazipala sizibwereranso.

N'chifukwa chake ndimakana kupala. Ndimatsuka ndi kansalu konyowa pang'ono, kuumitsa, n'kupaka phula la njuchi. Mwendo wogwedera ndimauzula, kuchotsa guluu wakale, kuumatanso n'kuumanga ndi kalampu mpaka m'mawa. Pofumbwa ndimadulapo pokhapo n'kuikapo chigamba cha mtengo womwewo, mizere yake ikuloza kumodzi ndi ya thabwa lakale. Apa ndiye pamavuta. Mlombwa wouma bwino masiku ano ndi wosowa; kuno ku Chiradzulu mitengo yotere inatha kalekale, ndipo matabwa a pamsika amabwera aawisi. Ukaika chigamba chachiwisi chimafota, mpata n'kutseguka. Ndiye ndimasunga zidutswa za zitseko zakale ndi mabenchi othyoka, zimene anthu ena akanasonkhera moto.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi tebulo lofika litadutsa kale m'manja mwa wina: misomali ya mainchesi anayi yokhomedwa pamwamba mpaka thabwa kung'aluka, vanishi wokhuthala ngati phala. Loterolo ndimalikonza kuti adyerepo, koma mtengo wake unapita.

Inu amene muli ndi tebulo la agogo kapena la pa okushoni, mwendo ukayamba kugwedera musalikhome msomali. Lichotseni padzuwa ndi pachinyontho, mupite nalo kwa mmisiri amene adzayambe waligadamitsa asanatchule mtengo.