Uta wa Leza pa Mosi-oa-Tunya

Tinafika ku Livingstone mu Epulo, Zambezi atadzaza. Mathithi tinawamva tisanawaone. Akololo anawacha Mosi-oa-Tunya, ndiko kuti utsi wogunda. David Livingstone, atawaona m'caka ca 1855, anawapatsa dzina la Mfumukazi Victoria. M'lifupi mwake muposa mamita 1,700, ndipo pakuya peni-peni madzi amagwa mamita 108.

Dzuwa likawomba timadontho ta utsiwo, kuwala kumagawika mitundu isanu ndi iwiri. Ngakhale usiku, mwezi ukakhala wathunthu, utawo umaoneka. Makolo athu anaucha uta wa Leza; kwa Nowa unali cizindikiro ca cipangano.

Koma m'cilala ca 2019 matanthwe a mbali ya Zambia anatsala pambalambanda. Mulungu amasunga pangano lake. Nanga ife, odula mitengo m'mbali mwa mitsinje, tikusunga lathu?