Kalata kwa mwana wanga wopita ku Cape Town

Lungwena, Mangochi

Mwana wanga wokondedwa,

Ndalemba chifukwa tsiku lonyamuka lako pakhomo padzadzaza abale, ndipo iwe ndi ine sitidzapeza mpata wokhala pansi.

Anthu kumzikiti akundifunsa kuti ku University of the Western Cape ukukaphunziranso chiyani popeza udokotala wa mano unautenga kale. Ndikawayankha kuti ukukazama pa kumata mano ndi zipangizo zomatira, amandiyang'ana modabwa. Sindiwaimba mlandu. Munthu wa kuno dzino likabowoka amayamba ndi panado ndi madzi amchere, ena amafukiza utsi kuti ati nyongolotsi ya m'dzino ituluke. Tsaya likatupa ndi pamene amakwera kabaza kukaoloka mlatho wa Bakili Muluzi kufuna chipatala chokhala ndi mpando wa mano. Pofika kumeneko dzinolo latha kale, chotsala ndi kuzula basi. Msodzi wa zaka 40 kutsala ndi mano owerengeka, kumalephera kutafuna utaka umene wapha yekha, ife timangoti ndi ukalamba.

Pa zaka zanga za ulangizi wa zaumoyo ndinkaona dzino ngati nkhani yaing'ono poyerekeza ndi malungo ndi likodzo, ndipo anzanga ambiri ankaona chimodzimodzi. Koma ofufuza a ku Tampere ku Finland, pamodzi ndi a College of Medicine, anayeza m'kamwa mwa amayi ongobereka kumene kuno ku Mangochi, ena mwa iwo a kwathu konkuno. Zimene anafalitsa mu 2015 zinaonetsa kuti amayi okhala ndi matenda kumuzu kwa dzino ankachira msanga masiku asanakwane bwino, ndipo ana awo ankabadwa opepukirako. Mphako imene ikanamatidwa ili yaing'ono imafika mpaka pa sikelo ya mwana.

Ukudziwa kuti pamene maphunziro a udokotala wa mano ankayamba m'dziko muno mu 2019, mothandizana ndi University of Glasgow kudzera mu ntchito ya MalDent, madokotala a mano sankafika ndi 50 omwe, kwa anthu oposa 17 miliyoni. Ntchito yonse m'maboma anainyamula ndi ma dental therapist ophunzira ku Malawi College of Health Sciences ku Lilongwe. Ukadzabwera ndi digiri yachiwiri usadzawayang'anire pansi anthu amenewa. Chimene ukaphunzire chidzafika kumudzi kudzera m'manja mwawo.

Tsono nkhani yeniyeni ndi iyi. Kumeneko akakuonetsa zipangizo zokongola, ndipo uziphunzire zonse mwakhama. Koma chilichonse chimene akuika m'manja mwako uzichifunsa funso limodzi: kodi chingagwire ntchito ku Lungwena mwezi wa Novembala, magetsi atazima, wodwala ali woti sabweranso kachiwiri?

Mabuku amene unasiya m'kabati ndakhala ndikuwawerenga, ngakhale magalasi anga atopa. Amalgam, chomatira chotuwa ngati siliva chija, ndi yolimba ndipo imapirira, koma pafupifupi theka lake ndi mercury. N'chifukwa chake mayiko anachita pangano la Minamata mu 2013, ndipo mu Novembala 2025 anagwirizana ku Geneva kuti pofika 2034 amalgam ikhale itasiyidwa. Ndiye kuti ntchito yako yambiri udzaigwira yopanda iyo. Composite, imene inayamba ndi ntchito ya Rafael Bowen ku America cha m'ma 1960, imafanana ndi dzino mpaka munthu osazindikira pomatapo. Koma imafuna nyali youmitsira, makina oyamwa malovu, ndi dzino louma gwa. Omata maboti kugombe kuno amadziwa kuti phula silimata pa thabwa lonyowa, ndipo composite ili chomwecho. Imanyalanso pang'ono ikamauma, mpata ukatsala m'mphepete dzino limayambanso kuola chamkati.

Chimene chandigwira mtima ine ndi glass ionomer, simenti imene anaipanga Alan Wilson ndi Brian Kent ku London n'kuilengeza mu 1972. Imadzigwira yokha kudzino, imatulutsa fluoride pang'onopang'ono, ndipo sivuta kwambiri ndi chinyezi. Ndiyo imene imagwiritsidwa ntchito pa njira ya ART, imene Jo Frencken anaiyamba ku Tanzania cha m'ma 1985: kupala chovunda ndi tizitsulo tapamanja, kusakaniza ufa ndi madzi ake, kuthira m'mphako, n'kukanikiza ndi chala chopaka vaselini. Palibe makina oboolera, palibe magetsi, kawirikawiri palibenso jakisoni, moti mwana wa sukulu saopa. Mu 2021 bungwe la WHO linaika simenti imeneyi pa mndandanda wa mankhwala ofunika kupezeka paliponse, pamodzi ndi silver diamine fluoride, amene amaimitsa kuola koma amadetsa pobowokapo kuti bii. Kwa mwana wa mano amkaka zilibe kanthu, koma mtsikana sangalole zimenezo pa dzino lakutsogolo, ndipo usadzamukakamize.

Simentiyi ili ndi zofooka zake. Pa mphako yaikulu yodya mbali zingapo za dzino imathetheka, ndipo kukatentha imauma msanga munthu asanamalize kuthira. Apa ndi pamene ndikufuna mutu wako ugwire ntchito. Aphunzitsi akadzakufunsa mutu wa kafukufuku, ena adzasankha za mano oikirira a ndalama zambiri chifukwa ndiko kuli makasitomala. Iwe ganiza za botolo la simenti limene lakhala miyezi m'kabati ya chipatala chofolera malata m'mphepete mwa nyanja. Kodi limagwirabe ngati latsopano? Nanga chomata chimatha zaka zingati m'kamwa mwa munthu wodya nzimbe ndi chimanga chokazinga? Mayankho ake ukawapeza, a unduna wa zaumoyo amene anakhazikitsa ndondomeko ya umoyo wa m'kamwa mu 2022 adzakhala ndi poyambira pogula zipangizo. Kusankha n'kwako, ine ndangonena zimene maso anga aona.

Za moyo wako kumeneko sindichulukitsa, ndiwe wamkulu. Cape Town kuli Asilamu ambiri, mzikiti wa Auwal ku Bo-Kaap unayamba mu 1794, choncho chakudya cha halali sichikakusowa ndipo swala ulibe chifukwa choisiyira. Juni ndi Julayi kumagwa mvula yozizira, gula jekete lenileni usanagule foni. Mapepala ako a sukulu ndi pasipoti uzisunga malo amodzi, zithunzi zake utitumizirenso kuno. Sitinaiwale 2015, pamene mabasi anabweza anthu athu ambiri a ku Mangochi kuthawa zipolowe za ku Durban. Kukayamba phokoso, khala m'nyumba.

Achinyamata a kuno amene ali ku Joni adzakupeza, chifukwa nambala yako yafala kale. Alandire, ndi abale ako, ndipo wodwala dzino umulozere chipatala cha sukulu yanu. Koma ndalama ya sikolashipu ndi ya lendi ndi mabuku. Aliyense wopempha, ngakhale amalume ako, umuuze kuti alankhule ndi ine.

Sindikulumbiritsa kuti udzabwerere, chifukwa lumbiro lokakamiza limangobala bodza. Ndikudziwa kuti kunja malipiro ndi abwino. Ndikungopempha kuti pa tchuthi chilichonse uzibwera ndi tizitsulo tako, tikapemphe chilolezo kuchipatala ndi kwa aphunzitsi aakulu kuti uyeze ana a sitandade 1 ndi 2, pamene mano akumapeto osagulukanso angotuluka kumene.

Amayi ako ayanika usipa woti unyamule. Ndawauza kuti pachipata cha dziko angakulande, koma sakumva, ndiye ufunse kaye malamulo ake. Azakhali ako a ku Malindi akudandaula dzino lakumanzere likamva madzi ozizira, silinatupe. Uwaone Lachisanu tikachoka ku Juma, Insha Allah.

Ndine bambo ako.